Apongozi Anandigwirira Chikhomo

Tabweretsa kuno kabokosi kakoko, Tadala, ndikaone. Ndiye kachitsulo kamiyendo iwirika ndi kamene mukuti kampasi, eti? Mwendo wina wobaya, wina wa pensulo. Ndipo aphunzitsi akuti pofika Lolemba mukhale mutajambula seko, thirayango ndi rekitango, n'kuzidula pa katoni. Chabwino. Koma taona kaseko kakoka, kangofanana ndi pakamwa pa kapu. Ungalowemo iwe? Ife seko yathu tinkalowamo kalasi yonse, n'kutsalanso malo oti mbuzi idutse.

Musaseke ana inu. Yamikani, siya foni ya amako, khala apa pamthunzi. Masamu mukuwanyozawa, a mizere ndi makona, anangotsala pang'ono kundilanda agogo anu aakazi. Zikanalakwika tsiku lina lake, bwenzi ine ndili kwathu ku Nsaru ndi mkazi wina, inu kulibe. Makatoniwo mudula dzuwa likapendeka, panopa mvetserani.

Sukulu yathu inali pakati pa mudzi wa kwathu ndi mudzi uno. Ife tinkachokera kum'mawa, ana a kuno ankachokera chaku Kabudula, n'kukumana pa mabulugamu. Timabokosi ngati aka kunalibe. Unali ndi sileti, ukaiswa umakaona zakuda kunyumba. M'thumba la kabudula tinkaikamo mbatata yootcha, ikadali yotentha, ndipo m'miyezi yozizira inkatifunditsa ntchafu njira yonse. Inu lero mukapanda kupatsidwa ya mandasi mumayenda ngati mukupita kumaliro. Ife mbatata ikatha kunali mtedza wokazinga, mtedza ukatha kunali masuku a m'njira, masuku akatha unkangomeza malovu n'kumvetsera aphunzitsi.

Titafika Sitandade 6 tinapeza aphunzitsi aatali, owonda, a njinga yopanda mabuleki, ankaimitsa ndi chidendene. Dzina lawo lenileni linkamveka pakamwa pa a hedi okha. Ife tinkawatcha a Zikhomo, chifukwa thumba la jekete lawo linkakhala lotupa ndi timitengo tosongola, ndipo pa hendulo ya njinga pankalendewera chingwe cha khonje chokulunga bwino. Bambo amenewa makoma ankawasowetsa mtendere. Akangolemba mawu awiri pa bolodi umaona ayamba kusuzumira pawindo, kenako n'kuti tonse titulukire panja. Aphunzitsi anzawo ankati amangotiseweretsa fumbi. Amayi anga nawo ankadandaula pochapa yunifolomu, ati kodi kusukulu kumeneko mumaphunzira kapena mumalima.

M'mawa wina nthawi yozizira, nkhungu isanachoke m'dambo, anakhoma chikhomo pakati pa bwalo n'kundiloza kuti ndichigwire. Anandisankha dala. Ine ndinali mwana wolota ali maso, ndipo ankadziwa kuti akandipatsa ntchito yoyenda ndikathera m'munda mwa eni ndikutsatira gulugufe. Anamanga chingwe pa chikhomo chija, kunsonga inayo n'kumangako kamtengo, n'kupatsa mtsikana wina wa mudzi uno, wamfupi, wa mpata kumano, wometa mpala ngati tonsefe. Dzina lake Esinati. Ndiwo agogo anu amenewo. Musayang'anane, nawonso anali ndi miyendo yothamanga.

Anamuuza kuti akoke chingwe chilimbe, aziyenda akulemba pansi ndi kamtengo kaja. Ine ndinanyonyomala pakati, ndikutembenuka naye pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake kunadutsa mabulugamu, kenako tchalitchi, kenako munda wa a hedi wa mapesi ouma, kenako dambo ndi nkhungu yake, ng'ombe zikungooneka misana yokha, ndiye mabulugamu aja kachiwiri. Dziko lonse linandizungulira m'mawa umenewo, iye ali patsogolo pake, ataluma lilime, maso ali pansi. Sanandiyandikire ndipo sananditalikire. Atafika pomwe anayambira, mzere unakumana wokha osaphonya. A Zikhomo anati seko ndi imeneyo basi, malo onse amene atalikirana mofanana ndi pamene wakhala mnyamata wogonayu. Kalasi inaseka. Ine manyazi sindinawamve, mtima unali utapita kale ndi chingwe chija.

Chodabwitsa n'chakuti zimenezi tinkazidziwa kale. Abambo anga akamayamba nkhokwe kapena nyumba, poti nthawi imeneyo nyumba zambiri zinali zozungulira, ankakhoma mtengo pakati n'kuzungulira ndi luzi chimodzimodzi. Koma palibe anatiuzapo kuti amenewo ndi masamu. Tinkayesa masamu amakhala m'buku la Chingerezi, ndipo akaweruka amatsekeredwa mu ofesi ya a hedi.

Tsiku lina anatipatsa aliyense kachingwe, ati tikayeze chinthu chilichonse chozungulira chimene tingachipeze. Uyeze kaye kudutsa pakati, ndiye uone kuti muyeso umenewo ulowa kangati ukamazungulira m'mphepete. Tinabalalika m'midzi ngati anapiye. Wina lichero, wina mtondo, wina ndowa, wina tayala la njinga ya a katekisiti. Ine ndinayeza nkhokwe ya abambo, agalu akundiuwa ngati mbala. Tonse tinabwera ndi yankho limodzi: katatu, n'kutsala kanthu pang'ono. Lichero laling'ono, katatu ndi kanthu. Nkhokwe yonse ija, katatu ndi kanthu. Kanthu kotsalako kanandivutitsa, ana inu. Ndinkati ndikamadyetsa mbuzi, n'kugona chagada pa chulu, ndiziyang'ana dzuwa likamalowa lili lofiira, n'kumaganiza kuti nalonso wina atalikulunga chingwe, kanthu kaja katsala. Ndinafunsa a Zikhomo kuti kanthuko n'kotalika bwanji kwenikweni. Anati anthu anayamba kalekale kukathamangitsa ndipo sanakagwirebe mchira. Mpaka lero ndikaona mkazi akupeta, maso anga amazungulira lichero.

Mvula ikagwa tinkapita kudambo kukakumba dongo. Tinkaumba chamakona ngati bokosi la sopo, china ngati ng'oma, china chosongoka ngati denga la nkhokwe, china ngati zai la nkhanga. Zikauma pang'ono, a Zikhomo ankatipatsa ulusi kuti tizidule tione nkhope imene yabisala m'kati. Ng'oma ukaidula chopingasa mumatuluka seko, ukaidula chotsika mumatuluka rekitango. Chinthu chimodzi chomwecho. Ife tinkangoti kukamwa yasa. Ine zanga zambiri zinkathera kukhala ng'ombe, ndinene zoona, chifukwa ukagwira dongo lofewa manja amafuna nyanga. Esinati zake zinkakhala zosalala, makona akuthwa, ndipo aphunzitsi ankaziika pawindo kuti aliyense aone. Iwe Tadala watengera iyeyo. Yamikani watengera ine, n'chifukwa chake akuyang'ana nyerere apo m'malo mondimvera.

Kunalinso tsiku loyeza bulugamu wamkulu osakwera, kungoyeza mthunzi wake ndi mthunzi wa ndodo. Koma limenelo ndidzakuonetsani ndi manja, pakamwa silikoma. Limene ndikufuna mulisunge ndi la mapesi.

Chimanga chitakololedwa anatiuza kuti tibwere ndi mapesi ndi minga ya mthethe. Tinadula mapesi aja tizidutswa, n'kumalumikiza nsonga ndi minga. Tizidutswa titatu tikalumikizana, thirayango, ati kankhani. Tinakankha, osasuntha, gwa. Tizidutswa tinayi, tiwiri tatitali, tiwiri tatifupi, rekitango, ati kankhaninso. Kanangopendekera kumbali ngati munthu wakhuta kachasu. Mbali zake zinali zomwe zija, palibe inatalika kapena kufupika, koma makona anali atathawa. Tinaseka, n'kumapendeketsa uku ndi uku. Ndiye a Zikhomo anafunsa kuti kodi munthu angadziwe bwanji kuti makona abwerera m'malo mwake. Pomwepo kabawi anadutsa pamwamba pa bwalo, akuzungulira osakupiza mapiko, ndipo ine ndinapita naye. Ndinamva mawu a Esinati akuyankha chapatali, ndinamva kuwomba m'manja, koma maso anga anali kumitambo. Pamene kabawi ankalowa kuseri kwa mabulugamu, belu linali litalira.

Sukulu tinaisiya titamaliza Sitandade 8, ine ndi Esinati yemwe. Iye anakhoza bwino kundiposa, koma masiku amenewo mwana wamkazi kupitirira pamenepo zinali za mwayi. Ine ndinalowa mu fodya. Kufesa, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha mpaka m'manja mwada bii. Ndinkayendetsanso ngolo ya amalume anga. Inu mumakwera kabaza n'kufika ku Nsaru tiyi asanazizire, ndiye simudziwa kukoma kwa ulendo wa pangolo. Ng'ombe zimadziwa njira zokha. Iwe umangogona pamatumba, thambo likuyenda pamwamba pako, mateyala akulira, fungo la fodya ndi fumbi, mpaka osadziwa ngati uli maso kapena ayi. Ndi pa ulendo wotero pomwe ndinamuonanso Esinati, pamsika, akugulitsa tomato. Anali atamuunjika timilu tosongoka, atatu pansi, mmodzi pamwamba. Ndinamufunsa ngati a Zikhomo amabwera kudzayendera. Anaseka, mpata uja uli pomwepo, ndipo ng'ombe zinadikira nthawi yaitali tsiku limenelo.

Ankhoswe anayenda, mawu anamveka. Tsono inu mukudziwa kuti kuno mwamuna ndi amene amasamuka. Umasiya kwanu, n'kukakhala mkamwini kwa mkazi, ndipo chinthu choyamba chimene anthu amakuonera ndi nyumba. Uimange wekha, aone ngati uli ndi manja. Komanso panali mwambo umene masiku ano ukutha. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Moni mumapatsana muli patali, mutanyonyomala, nkhope zitayang'ana kwina. Pakakhala mawu ofunika, umatuma mwana. Lero ndimaona akamwini akudyera mbale imodzi ndi apongozi, mpaka kujambulana pafoni mitu itagundana. Sindikuti n'zoipa, koma ine ndikaona thupi limachita tsembwe.

Apongozi anga anali a Nambewe, amayi ake a Esinati, amasiye, olimba ngati mpini. Sankandifuna. Mbiri yanga inali itawapeza kale, yoti mnyamata uja ng'ombe zimamufikitsa kumsika ali mtulo. Iwo ankafuna mwana wawo akwatiwe ndi mnyamata wina amene anali ndi mashini osokera ku Mpingu. Anavomera ine chifukwa Esinati anakana kudya, koma anavomera ndi mano okha. Mchimwene wawo, amene anali mwini mbumba, anandiitana n'kundiuza mosapsatira kuti malo ndi awa, nyumba ikhale itaima ndi kufoleredwa mvula yodzalira isanagwe. Ikapanda kutero ndinyamule nkhwangwa yanga ndibwerere kwathu, nkhani ithere pomwepo. Sanakalipe. Anangonena akufwenkha fodya wawo wamphuno, ndipo ndinadziwa kuti mawuwo achokera kwa mlongo wawo.

Yozungulira ndikanaimanga nditatsinzina. Koma Esinati anati iye yozungulira ayi. Ankafuna yamakona anayi ngati ya aphunzitsi, yoti bedi lidzagunde kukhoma bwinobwino osasiya mpata wogweramo mwana. Bedi lake tinalibe n'komwe, koma ndinavomera. Ndiye mwatsoka, nditangoyamba kudula nsichi, mitengo ya khoma ija, mkulu wake amene anali woyembekezera anadwala, ndipo Esinati anapita kukamudikirira kuchipatala ku Namitete. Ndinatsala ndekha m'mudzi wa eni, ndikugona ku mphala ndi anyamata, malo anga omangapo ali maso ndi maso ndi nyumba ya a Nambewe.

Ndinayeza mosamala, musaganize kuti ndinachita ulesi. Chingwe chimodzi cha mbali zazitali, zonse ziwiri chimodzimodzi. China cha mbali zazifupi, chimodzimodzinso. Ndinabwereza, n'kubwerezanso, zonse zinagwirizana. Ndinakumba maenje m'nthaka youma ya mwezi wotentha, manja anachita matuza, n'kuimika nsichi zonse, n'kuyamba kumanga mbariro. Ndili m'kati sindinkaona kanthu. Koma madzulo ena azimayi akuchokera kuchitsime anaima panjira, ndowa zili pamutu, n'kuyamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Wina anati akamwini akumanga nyumba ya nkhanu. Ndinapita kukaima pomwe anaimapo. Nyumba yanga inkaoneka ngati ikufuna kuthawira chammbali. Makona awiri anali osongoka, awiri otambalala, ndipo denga lake sindikudziwa kuti likanakhalapo bwanji.

A Nambewe ndinangowaona chakumbali akusesa pakhomo pawo, pamalo posesa kale. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana masana alionse, ndipo chizimalupsa chinali chitawaza kale kamodzi, fungo la dothi lili ponseponse. Ndinazula nsichi zonse. Ndinachita mantha, ana inu, mantha enieni. Ndinkaona ndikubwerera ku Nsaru ndi nkhwangwa paphewa, Esinati akubwerako kuchipatala n'kupeza maenje okhaokha.

M'mawa mwake kunagwa maliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo mudzi wonse unapita. Ine mlendo ndinakapepesa m'mamawa n'kubwerera. A Nambewe anatsala chifukwa mwendo unkawavuta, anakhala kuseri kwa nkhokwe yawo akuswa mtedza. M'mudzi munali zii, nkhuku zokha ndi njiwa. Ndinakhala pa mulu wa nsichi zanga, ndipo posowa chochita manja anatola phesi. Ndinalithyola tizidutswa tinayi, n'kuthyola minga pa chitsamba, n'kulumikiza, osaganiza n'komwe. Ndinakankha, kanapendekera. Nyumba yanga yeniyeni. Ndinakankhira kwina, kanapendekera kwinako. Ndikuseweretsa choncho ndinaona kuti kakapendekera, makona awiri oyang'anizana amatalikirana, ena awiriwo n'kuyandikirana. Ndiye kunatentha, maso analemera, ndipo ndinapezeka ndili pa bwalo la sukulu lija, kabawi ali m'mwamba. Mawu amene sindinawamvetsere tsiku lija anali atakhala m'khutu zaka zonsezo, akundidikira. Kamtsikana kometa mpala kaja kakuti, muyeze chodutsa pakati, kuchoka pa kona iyi kukafika pa kona yoyang'anizana nayo, ndiye muyezenso inayo, zikafanana ndiye kuti makona akhala bwino.

Ndinadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Ndinasongola zikhomo zinayi, n'kuzikhoma, n'kuzunguliza zingwe za m'mbali. Ndinamanga chingwe chachitali pa chikhomo chimodzi n'kupita nacho ku kona yoyang'anizana nayo. Koma nthaka inali ngati mwala, zikhomo zinkangolowa kansonga. Ndikati ndikoke chingwe kuti chilimbe, chikhomo cha kutali chija n'kuzuka, n'kubwera chikudumphadumpha kumapazi anga. Ndinakachikhomanso, chinazukanso. Ndinachitsamiritsa mwala, chinapendekera, muyeso n'kuonongeka. Ndinathira madzi, dothi linafewa, chinazuka mosavuta kuposa kale. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, ndipo m'mudzi monse munthu wachiwiri anali mmodzi yekha, amene sindikanatha ngakhale kumuyang'ana.

Chitazukanso kachingati kaya, ndinangoima nditagwira chingwe, ndikuyang'ana mitambo. Kenako ndinamva kuti kuswa mtedza kwasiya. Ndinamva mapazi, limodzi likukoka pansi. Ndinatembenuka msanga kuyang'ana kutchire, monga mwa mwambo, n'kunyonyomala. M'ngodya ya diso ndinaona chitenje chofiirira chikuyenda chammbuyo, atafunda kumutu, msana uli kwa ine. Anafika pa kona ya kutali ija, anatola chikhomo, anachibwezera pa dzenje lake, n'kukhala pansi atachigwira ndi manja awiri kumbali kwawo, nkhope ili kunkhokwe.

Mwana woti titume panalibe. Panali nkhuku yathadzi yamawangamawanga ikupalasa pakati pathu. A Nambewe anayankhula nayo.

“Nkhuku iwe, uwauze akamwini akoke. Mwana wanga ankandidzazira zingwe pabwalo pano ali pasukulu, mpaka ndinagwa nazo ndi mtsuko. Ndikudziwa kuti wina amagwira.”

Ndinakoka. Chingwe chinalimba, ndipo ndinawamva m'manja mwanga, mphamvu yawo ikubwera m'chingwemo. Pa malo onse a nyumba ija panalibe mtunda wautali kuposa umenewo, kona ndi kona, ndiye mwambo sitinauphwanye kwenikweni. Ndinamanga mfundo pomwe chingwe chinafika. Tsono panafunika kuti asamukire pa kona ina.

“Nkhuku, uwapemphe amayi, ngati mwendo ukulola, asunthire pa chikhomo cha kudzanja lawo lamanja.”

Nkhuku inangopalasa. Iwo anadzuka, anayenda chammbali, ine ndikuyenda chammbali kwinaku, misana itayang'anana. Ndinakokanso. Mfundo inapitirira chikhomo ndi dzanja lathunthu ndi theka. Ndinasuntha zikhomo ziwiri pang'ono, tinabwerera poyamba, tinayezanso. Kunatsala pang'ono. Tinasinthanso. Tinazungulira malo aja masana onse ngati tikuvina gule wosadziwika, iwo akukoka mwendo, ine thukuta lili kamukamu, nkhuku ikulandira mauthenga. Pena inkachoka kupita kuseri, ndipo tinkadikira kuti ibwere, chifukwa popanda iyo panalibe woyankhula naye. Nthawi ina ndinamva ngati aseka, koma mwina chinali chifuwa.

Dzuwa litapendeka, ndinakoka chingwe pa kona yachiwiri ndipo mfundo inagwera pa chikhomo penipeni. Ndinabwerera pa yoyamba, chimodzimodzi. Ndinauza nkhuku kuti zatheka, ndipo ndinaithokoza kwambiri. Ndinayembekeza kumva phazi lija likubwerera kunkhokwe. Koma sanadzuke msanga. Anapuma kaye, kenako anafunsa nkhuku kuti kodi akamwini khomo aliika mbali iti.

Ine ndinali nditaganiza kale zoliika kumsewu, kuti ndisamawasowetse mtendere potuluka m'mawa, ndiponso kuti ndisamaone msana wa munthu wosandifuna. Ndinayankha choncho, kuti kumsewu.

“Uwauze ayi,” anatero a Nambewe. “Liyang'ane kwanga. Adzukulu anga akadzayamba kukwawa, ndizidzawaona akutuluka.”

Anadzuka, anakutumula chitenje, n'kubwerera ku mtedza wawo. Ine ndinatsala nditanyonyomala pa kona yanga, chingwe chili m'manja, ndipo ndinalira. Sindibisa, ndinalira ngati mwana, nkhope ili kutchire, mwamuna wamkulu wa ndevu. Nsichi zinali zikadali pa mulu, udzu ndinali ndisanamwete wokwanira, mvula inali pafupi, koma ndinadziwa kuti kwathu sindibwereranso.

Anyamata a ku mphala atabwerako kumaliro anauzidwa, sindikudziwa ndi ndani, kuti akamwini asamasenze okha mitengo ngati alibe abale. Nyumba inaima, tinaimata, ndipo tinamaliza kufolera mabingu akugunda kale chaku Nambuma. Esinati anabwera ndi mkulu wake ndi khanda, anazungulira nyumba yonse, analowa, anayang'ana kona iliyonse ataluma lilime. Anandifunsa kuti anandithandiza ndani. Ndinati nkhuku. Mpaka lero akuganiza kuti ndinkacheza, chifukwa amayi ake sanaitchulepo nkhaniyo, ndipo inenso ndinaona kuti si yanga ndekha yoti ndiziulula iwo ali moyo.

Tinakhala zaka zambiri makomo athu akuyang'anana. Amako iwe Tadala anakwawira pa khomo limenelo, kulunjika kwa agogo awo, ndipo abambo ako Yamikani anatsatira. M'mawa uliwonse ndinkatuluka nditayang'ana pansi, iwo ali pakhonde pawo atayang'ana kumbali, n'kupatsana moni wa patali. Nkhope yawo sindinaidziwe bwinobwino. Mukandifunsa mphuno yawo inali yotani, ndinama. Koma msana wawo, ndi kakhalidwe kawo ka mutu akamamvetsera, ndingakujambulireni pompano pa dothi.

Nyumba ya nsichi ija inagwa kalekale, chiswe chinaidya. Iyi ya njerwa tinamanga pamalo omwewo, a Nambewe atatisiya kale, nyumba yawonso itasanduka munda wa mpiru mukuuona apowo. Amisiri anabwera ndi zingwe zawo ndi mapulani, ati madala, khomo tiika kumsewu, ndi mmene anthu akumangira masiku ano, kuno kulibe choyang'ana. Ana anga omwe anavomerezana nawo. Ndinawauza kuti njerwa ndi zanga, ndipo khomo likhala pomwe lakhala.